Chitupa cha Laiton Chiwaya

Mvula ikadula ku Wankie, chakumapeto kwa Marichi, fumbi la malasha silichedwa kubwerera pa mazenera. Udzu umayamba kufiira kunsonga. M'mawa kumazizirako pang'ono, koma masana malata amathethekabe ndi dzuwa. Amene anadzala kuseri kwa nyumba amadziwa kuti ayenera kukolola msanga, chifukwa chimanga chikagonera m'munda anyani a m'mapiri amagawana ndi chiswe.

Laiton Chiwaya anali ndi mizere khumi ndi inayi kuseri kwa nyumba ya kampani ya malasha, ku komboni ya Lwendulu. Dothi lake linali loipa, lamiyala, losakanikirana ndi phulusa. Analikonza yekha kwa zaka zambiri, akutuntha ndowe za mbuzi m'thumba Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Anzake a mumgodi ankamuseka. Ankati munthu wotuluka pansi amafunika mthunzi ndi mowa, osati khasu. Iye ankangoyankha kuti, "Pansi paja ndimakumbira mzungu. Apa ndikukumbira mimba yanga."

Anafika ku Wankie mu 1956, ali ndi zaka makumi awiri, kuchokera m'mudzi wina kufupi ndi Dedza. Nthawi imeneyo dzina lake linali Yosiya. Analibe chitupa, kapepala kaboma kamene munthu wakuda aliyense ankayenera kuyenda nako, ndipo popanda iko sakanalembedwa ntchito kapena kupatsidwa pogona. Anachita zimene onse obwera kumene ankachita: anafunsa kumene kunkakhala akwawo. Anamulozera kwa Robson Kamwendo, wa mudzi wa tsidya lina la mtsinje wakwawo, amene anali atakhala kale pamgodi zaka khumi ndipo ankadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Robson anamudyetsa milungu itatu. Kenako anatsegula sutikesi, natulutsa chitupa chakale cha munthu wina amene anabwerera kumudzi akudwala chifuwa, osamvekanso. Chinalibe chithunzi. Chidindo cha chala chinali chitafufutika ndi thukuta.

"Kuyambira lero ndiwe Laiton Chiwaya," anatero Robson. "Tanena katatu ndimve."

Yosiya ananena katatu.

"Akakuitana ku ofesi usacheuke ngati akuitana mnzako. Uziyankha msanga."

Zimenezi sizinali zachilendo. Mapepala ankakhalitsa kuposa eni ake, ndipo ankayenda m'manja mwa anthu a mudzi umodzi monga limayendera khasu lobwereka. Ndi dzina limenelo analowa mumgodi. Ndi dzina limenelo anakwatira Esinati, Robson ali nkhoswe, napatsidwa nyumba. Ana ake awiri, Elesi ndi Elinah, analembedwa kusukulu monga a Chiwaya. Esinati anasokera chitupacho kathumba ka nsalu yobiriwira, ka chingwe chovala m'khosi. Laiton ankamuitana Robson kuti achimwene, ndipo chaka chilichonse chimanga choyamba kucha chinkapita kunyumba kwawo.

Mu Juni 1972 mgodi wa Nambala 2 unaphulika, anthu oposa mazana anayi osatulukanso. Laiton ankagwira ku mgodi wina, ndipo sanakandike ngakhale chala. Koma kuyambira pamenepo, akamatsika pansi m'mawa ankagwira kathumba kobiriwira kaja mpaka atafika. Kunyumba mawu anamuchepera. Kawirikawiri Esinati ankamupeza ataima pakati pa mizere yake, khasu lili m'manja, osalima, akungoyang'ana kumwamba.

Mu Marichi 1974, mvula itangodula, Robson anabwera Lamlungu masana nakhala pa chitini pakhonde.

"Kwapezeka ntchito ya padzuwa, mphwanga," anatero. "Kutsidya kwa Limpopo, ku mapulazi a Mabunu. Kuthyola malalanje. Meyi mpaka Sepitembala, basi, mwabwerako. Akufuna anthu a ku Malawi, akuti sitithawa ntchito. Mndandanda wa akwathu ndikusonkhanitsa ndine."

"Nanga nyumba?" anafunsa Esinati ali pakhomo, akusenda maungu.

"Alamu, mukuyesa sindinaganize? Atenga tchuthi chachitali, chija timatenga popita kumudzi. Miyezi isanu. Ku ofesi adinda pachitupa kuti wapita kwawo. Tsiku lobwerera akakaonetsa chitupacho, nyali yake ya mumgodi ili pomwepo, nyumba ili pomwepo. Kaya anapita ku Dedza, kaya kwa Mabunu, amafunsa ndani?"

"Ndikufunsa ine."

"N'chifukwa chake amuna anuwa sanenepa."

Onse anaseka, ngakhale Esinati. Koma Robson atapita, iye anaika mpeni pansi.

"Bambo a Elesi, malalanje pamsika pano kulibe?"

"Ndikufuna nditope dzuwa likundiona," anatero Laiton. "Miyezi isanu yokha. Akuti kumeneko mitengo anaidzala m'mizere, ukayang'ana maso amatopa mzere usanathe. Ndikaone zimenezo, kenako ndidzatsikanso pansi."

Tsiku lotsatira Esinati anayamba kumusokera zigamba pa buluku la khaki.

Olemba anthu anabwera mu Epulo. Anaimika galimoto pansi pa mitengo ya tsanya, kuseri kwa sitolo ina. Mzungu sanatsike. Ntchito yonse ankagwira ndi mabalani wake, kalaliki wa Chindebele wa pensulo kukhutu, amene ankasakaniza Chinyanja ndi Chilapalapa, chinenero cha mumgodi. Amuna anafika ngati makumi asanu ndi limodzi, ofunika anali theka. Aliyense ankavula malaya, kusenza thumba la mchenga, ndi kukwera nalo makwerero otsamiritsidwa pamtengo.

Mabalani anatembenuza manja a Laiton, naona zipsera zakuda zimene malasha amasiya pansi pa khungu.

"Madala, manja awa ndi a piki. Lalanje si mwala. Ukalikanikiza limalira."

"Ndinabadwira m'munda ine, a mabalani. Malasha ndinawapeza ndili ndi ndevu kale."

"Tsegula kamwa. Hawu, mano onse alipo! Aikona, uyu atimalizira pulazi."

Amuna anaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti amumange pakamwa ngati ng'ombe yopuntha. Laiton anasenza thumba, nakwera makwerero mpaka pamwamba osagwira ndi dzanja lachiwiri. Ali pamenepo anaona madenga onse a Lwendulu, ndi utsi wa ng'anjo za malasha ukupendekera kumadzulo. Anachedwako pang'ono kutsika.

"Dzina?"

"Laiton Chiwaya."

Pensulo inayenda. Mabalani analengeza kuti osankhidwa onse apereke zitupa kwa a Kamwendo, zipite ku Bulawayo kukadindidwa chilolezo chowolokera malire. Aliyense adzalandira chake tsiku lonyamuka.

Laiton anayamba wapita ku ofesi ya komboni, kumene anamudindira tchuthi ndi kumulembera tsiku lobwerera, lomaliza la Sepitembala. Kuchoka apo anapita kwa Robson. Anavula chingwe m'khosi, napereka chitupa ndi kathumba komwe. Pobwerera ankangogwiragwira pachifuwa.

"Akupatsani kakalata kosonyeza kuti atenga?" anafunsa Esinati.

"Kakalata? Kwa achimwene?"

"Ndangofunsa."

"Usadzafunsenso. Anthu angamve."

Pakati pa akwawo, kupempha kalata kwa munthu amene anakulandira kunali kumunena kuti ndi wakuba. Panalibe amene akanachita zimenezo.

Kunyumba kwa Robson nthawi imeneyo kunali mlendo. Anali Raphaeli, mlongo wa Margarida mkazi wa Robson, mwamuna wa zaka ngati makumi atatu amene anathawa nkhondo ku Mozambique, chigawo cha Tete. Analibe pepala lililonse. Apolisi akamayendera komboni ankabisala kukhitchini, kuseri kwa matumba. Laiton ankamumvera chisoni, pokumbukira milungu yake itatu ija. Ankamupititsira mbatata, ndipo anamuphunzitsa mawu angapo a Chilapalapa, ndi mayankhidwe ake kapitawo akafunsa.

Ananyamuka, kapena kuti ankayenera kunyamuka, sabata yachiwiri ya Meyi. Kunacha kozizira, mpweya ukuoneka pakamwa. Utsi unali utagona pansi m'chigwa, osakwera. Lole inaima pabwalo la siteshoni. Akazi anabwera ndi mipukutu ya zofunda ndi mtedza wokazinga. Esinati anaima chapatali pamodzi ndi anzake. Pafupi ndi lole panali wapolisi, atapisa manja m'jasi.

Robson anali atagawa kale zitupa kwa ena. Atafika pa Laiton anangoti, "Dikira, chako chili pansi," naima pambali pake.

Mabalani anayamba kuitana maina. Munthu ankayankha, kuonetsa chitupa, ndi kukwera.

"Laiton Chiwaya!"

Laiton anatsegula pakamwa. Koma yankho linachokera kumbuyo kwake, lofulumira, la munthu amene anaphunzitsidwa kusacheuka.

"Ndilipo!"

Raphaeli anadutsa pambali pake, atavala chipewa chotsitsa mpaka m'maso. M'khosi mwake munali chingwe, ndipo m'dzanja munali kathumba kobiriwira. Mabalani anayang'ana chidindo, osayang'ana nkhope. Anali ataona nkhope zambiri mwezi umenewo.

Laiton anaponya phazi limodzi. Dzanja la Robson linamugwira pamkono, zala zikulowa m'mnofu.

"Khala chete," ananong'ona. "Wapolisi uyo. Ukalankhula akufunsa kuti iwe ndiwe yani. Uyankha chiyani?"

Laiton anayang'ana wapolisi. Anayang'ana amuna akwawo amene anali kale mu lole. Onse anali ataona, ndipo aliyense anapeza choyang'ana pa mpukutu wake. Lole inalira, inatembenuka, fumbi linatsala likutsika pang'onopang'ono.

"Ndi miyezi isanu yokha, mphwanga," anatero Robson akumusiya. "Apolisi akanamugwira sabata ino. Akanamubweza kunkhondo. Sepitembala abwera nacho, iwe ukaonetsa ku ofesi, zatha. Wapumulanso, sukuona?"

Laiton ananyamula mpukutu wake. Esinati anamulandira mtedza uja, ndipo anayenda limodzi kubwerera ku Lwendulu.

Kukanena kunalibe. Akanati chitupa chatayika, akanamudinditsa chala ndi kuchiyerekeza ndi cha m'mabuku a boma, chimene chinali cha munthu wina. Ndiponso mabuku a kumalire anali atalemba kale kuti Laiton Chiwaya wawoloka. Chotsala chinali kudikira.

Anadikira Juni ndi Julayi, miyezi imene madzi a m'ndowa amaluma zala m'mawa. Popanda chitupa sakanayenda m'tauni, ndipo ku ofesi ankadziwa kuti ali ku Dedza. Ankakhala kuseri kwa nyumba. Anadula mapesi, anawaunjika, anasankha mbewu, anaisankhanso. Anansi ankadziwa zonse ndipo sananene kwa aliyense, monga mmene sananenere za Raphaeli. Lamlungu ankazemba kupita kutchalitchi, nakhala benchi yomaliza. Kutsogolo Robson ankayambitsa nyimbo ndi mawu ake aakulu aja, ndipo pomaliza ankagwirana chanza ndi aliyense pakhomo. Laiton ankatulukira khomo la m'mbali.

Tsiku lina Margarida anatumiza mbale ya nyemba. Esinati anaibweza yosavundukula.

"Sizinafike pamenepo," anatero Laiton. "Akanamubweza kunkhondo. Inenso wina anandibisapo."

"Inu anakubisani ndi chitupa cha munthu wopita. Uyu amubisa ndi denga la ana anga."

"Abwera nacho."

"Mwaona liti munthu wothawa akubwerera kumene anathawa?"

Ogasiti inabwera ndi mphepo yake, yotola fumbi lakuda ndi kulithira pa zovala zoyanika. Mitengo ya tsanya inayoyola masamba. Kenako kunayamba kutentha, ndipo sabata yomaliza ya Sepitembala uthenga unafika woti lole ikubwera Lachitatu.

Laiton anapita ku siteshoni, chitupa alibe choncho. Amuna anatsika atada ndi dzuwa, aliyense ndi kathumba ka malalanje. Anawayang'ana mmodzimmodzi mpaka womaliza. Anayang'ananso m'lole. Munali makoko okha.

Mmodzi wa akwawo, wa ku Ntcheu, anabwera namupatsa lalanje, maso ali pansi.

"Uja sanamalize ngakhale milungu iwiri," anatero. "Kunabwera munthu kudzamutenga. Analowera ku Joni."

"Anangothawa?"

"Sanathawe mwangozi, achimwene. Anali ndi keyala ya kumeneko papepala, kuyambira tili m'lole popita. Anandipatsa kuti ndimuwerengere. Kalembedwe kake kanali ka a Kamwendo."

Laiton anamupeza Robson pakhonde akupukuta nsapato za kutchalitchi. Dzuwa linali paliwombo. Sanakhale pansi, ngakhale anamulozera chitini.

"Munadziwa kuti sabwera."

Robson anapitiriza kupukuta. "Ukanachita chiyani iweyo, akanakhala mlamu wako?"

"Mukanandiuza."

"Ukanakana."

"Inde, ndikanakana."

"Waona."

"Ndinamupatsa mbatata zanga. Ndinamuphunzitsa kuyankha. Ndinakupatsani chitupa m'manja, osapempha kalata, mkazi wanga n'kumukalipira chifukwa cha inu."

Robson anaika nsapato pansi. "Tamvera, Yosiya."

Kuyambira 1956 panalibe amene anamuitanapo choncho ku Wankie. Ngakhale Esinati.

"Dzina lija silinali lako. Ndinakubwereka. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu wadyera pamenepo, wakwatirira pamenepo, sindinakufunse kanthu. Wina analifuna kuposa iwe. Ndi mmene timakhalira kuno. Ukanakhala kuti iwe ndikanati ndizisunga m'sutikesi?"

"Ana anga ndi a Chiwaya."

"Ndikusakira china. Zitupa zimapezeka."

"Ndikayambe monga wobwera kumene? Ndi imvi izi? Ku ofesi amandidziwa nkhope."

"Ndiye upite kwina. Migodi ndi yambiri."

Margarida anali ataima mkati, kuseri kwa chitseko. Mapazi ake ankaoneka pansi. Laiton anaona kuti lalanje lija likadali m'dzanja lake. Analiika pa chitini, natembenuka.

Tsiku lomaliza la Sepitembala anapitabe ku ofesi, atavala malaya oyera. Kalaliki wa kumeneko anamulandira ndi nthabwala, kufunsa za mvula ya ku Dedza ndi ngati wamubweretsera mbatata ya kachewere. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndachisiya kunyumba," anatero Laiton.

"Kathumba kobiriwira kaja? Mumasamba nako inu." Kalaliki anamuyang'ana nthawi yaitali, kuseka kutatha. Anatsitsa mawu. "Madala, ine ndimakudziwani. Koma buku ili silidziwa nkhope. Ndikupatsani masiku asanu ndi awiri. Ngati chatayika, kupolisi ndi apo, mukadinde chala."

"Ndikayang'ana kunyumba."

Masiku asanu ndi awiri anatha. Dzina linafufutidwa, nyali inapatsidwa kwa wina. Kalata inabwera yoti nyumba ikhale yopanda munthu pofika Loweruka la pakati pa Okutobala.

Amene anawalandira sanali wakwawo. Anali Che Adamu, Myao wa ku Mangochi, amene anali ndi kasitolo kunja kwa komboni ndipo Esinati ankamugulitsa mandasi. Kuseri kwa sitolo kunali chipinda chosungira matumba. Anati angathe kukhalamo, bambo azithandiza kutsitsa katundu ndi kulondera.

"Za mapepala sindifunsa," anatero Che Adamu. "Koma ndizikuitanani ndani? Ndamva ziwiri."

Esinati anayang'ana mwamuna wake.

"Yosiya," anatero mwamunayo. Dzinalo linatuluka molemera, ngati la munthu amene anamwalira kale.

Okutobala ku Wankie salola munthu kuponda pansi opanda nsapato. Mpweya umaima. Madzulo mitambo imasonkhana kumpoto n'kumwazikanso, koma wolima amadziwa kuti mizere iyenera kukhala yokonzeka mvula yoyamba isanagwe. Yosiya anali atayamba kuunda yake m'masiku odikira aja. Pofika Loweruka inali itatsala itatu.

Ngolo ya abulu inabwera m'mawa. Anakweza bedi, tebulo, mapoto, thumba la mbewu. Elesi ndi Elinah anatsogola wapansi ndi nkhuku. Esinati anasesa zipinda zonse ziwiri, natseka mazenera. Atatuluka ndi kiyi sanawaone amuna ake. Anawapeza kuseri.

"Bambo a Elesi, mukulimira yani? Lolemba mulowa anthu ena muno."

"Yatsala itatu."

"Mwini ngolo akudikira."

"Adikire."

Esinati anakhala pa mwala, kiyi ali m'dzanja. Yosiya anaunda mzere woyamba, kukokera dothi mbali iyi ndi iyo, kukwirira mapesi ndi ndowe zimene anatuntha chaka chatha. Anaunda wachiwiri. Thukuta linkatsika m'khosi, pamene chingwe chinasiya kamzere koyera. Pa wachitatu khasu linagunda mwala. Anawerama, anauzula, nauponya pa mulu wa inzake kumpanda. Anafika kumapeto, nasalaza nsonga ya mzere ndi phazi. Kenako anagogoda khasu pansi kuti dothi ligwe, nalimangirira pamwamba pa katundu.